Khoma la Mayi Makatani

Loweruka, pa 9 Febuluwale 2019, cha m'ma 10 koloko m'mawa, mayi wina anatuluka pachipata cha chipatala atanyamula kachikwama ka mwana, koma mwanayo atatsala m'manja mwa wina. Nkhani yake ndikulembera inu amene mwakhala pamalo oti mumachita manyazi kulozera anthu kuti ndimakhala apa. Masiku ndi miyeso yonse ndaitenga m'kope lake, limene anandilola kuwerenga.

Anthu ankamutchula Mayi Makatani, chifukwa kwa zaka khumi ndi chimodzi ankasoka makatani m'sitolo ina. Mwamuna wake anali atamwalira chaka chapitacho. Sitoloyo inatsekedwa mu Januwale. Pa 5 Febuluwale anatuluka m'nyumba ya lendi ndi makina osokera, matiresi awiri ndi mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, amene pabanjapo amamutcha Kafunso chifukwa pakamwa pake sipatha mafunso.

Malo amene anapeza anali shedi yakale yosungiramo matayala, kuseri kwa msewu wa magalaja. Eni ake anamulola kukhalamo kuti aziyang'anira malowo. Inali ya mamita 11 m'litali, 6 m'lifupi, yopanda siling'i. Mapaipi ankadutsa poyera. Pulasitala wa pakhoma ankayoyoka yekha ngati ufa.

Kafunso ali ndi mphumu. Anagona m'shedimo masiku atatu, lachinayi anagonekedwa m'chipatala.

Mkulu wake wa Mayi Makatani ndi namwino pachipatala chomwecho. Ndiye amene anatenga mwanayo, ndipo sanazungulire.

"Mng'ono wanga, sindikukulanda mwana. Koma m'godauni muja salowamonso. Ukapeza nyumba yoti munthu n'kupumamo, udzabwere udzamutenge."

"Nanga ndiipeza kuti, achemwali?"

"Limenelo ndi funso lako. Langa ndi mapapo a mwanayu."

Miyezi iwiri inadutsa. Ankasoka zimene wapeza: mayunifolomu, mapilo, zigamba za maovolosi a amakanika. Loweruka lililonse ankakwera basi kukaona mwana wake, n'kubwerako Lamlungu.

Pa 16 Epulo anaitanidwa ndi wojambula zithunzi wina kuti akayese nsalu yakuda yotchingira zenera limodzi la situdiyo yake. Atalowa anaima kaye pakhomo. Khoma linali la njerwa zosaphimba. Kudenga zitsulo zinkaoneka zonse. Mababu ankalendewera pa zingwe. Anamumvera chisoni mwini wakeyo.

"Pepani bambo, koma mumaliza liti kumanga?"

Wojambulayo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mayi, tinamaliza kale. Mmene mukuoneramu ndi mmene ndinafunira."

Anamufotokozera kuti kakongoletsedwe kameneka kanayambira m'mizinda ikuluikulu kumene mafakitale anatsekedwa, anthu osowa nyumba n'kuyamba kukhala m'zinyumba zamakinazo. Pambuyo pake olemera anasirira. Lero ena amachita kugumula siling'i yabwinobwino kuti nyumba ifanane ndi fakitale. Amaitcha lofuti.

Mayi Makatani sanamve nsanje kapena mkwiyo. Chinamugwira ndi chidwi. Zonse zimene zinali m'situdiyomo kwake zinaliko: njerwa, zitsulo, mapaipi, simenti pansi. Nanga bwanji kuno anthu amavula nsapato pakhomo, pamene kwake amatseka mphuno?

"Ndingaligwire khomali?"

"Gwirani, silikuluma."

Anadutsitsa chala pa njerwa, n'kuchiyang'ana. Chinali choyera. Tsamba la tsiku limenelo m'kope lake lili ndi mzere umodzi wokha: "Njerwa zake sizitulutsa fumbi. Chifukwa chiyani?"

Anabwererako kanayi, nthawi zonse ndi tepi yake yoyezera makatani. Anapeza kuti njerwazo zinatsukidwa ndi bulashi ya waya, kenaka n'kupakidwa mankhwala osanyezimira amene amamanga fumbi. Anapeza kuti mawaya onse a magetsi anali m'timapaipi tachitsulo towongoka, topanda pokhota mwangozi. Anawerenga mitundu, napeza inayi yokha: kufiira kwa njerwa, kutuwa kwa simenti, chitsulo chakuda ndi thabwa. Anazindikiranso kuti chipindacho chikanazizira m'maso ngati galaja pakadapanda tebulo lamatabwa, kapeti yokhuthala ndi mababu owala mofiirira m'malo mwa oyera aja a m'maofesi.

Madzulo a pa 5 Meyi anatenga supuni n'kukanda pulasitala wa khoma lalitali la shedi ija. Chidutswa chachikulu ngati mbale chinagwa. Pansi pake panali njerwa zofiira, zowotchedwa bwino, zoyalidwa mowongoka.

Mawa lake anapita kwa eni shedi.

"Mukufuna kuchotsa pulasitala? Anthu amapempha kuika, inu mukupempha kuchotsa?"

"Ndi amene akudwalitsa mwana wanga, bambo."

"Chotsani, bola khoma lisagwe. Likagwa, mundimangira."

Khomalo ndi la mamita 11 m'litali ndi 4 kupita m'mwamba. Ankasoka m'mawa, masana n'kugwira tchizulo ndi hamala, atamanga nsalu yonyowa kumphuno. Tsiku labwino ankachotsa malo ofanana ndi theka la chitseko. Amakanika oyandikana naye ankasuzumira pakhomo.

"Mayi Makatani, mwayamba kugumula nyumba mukugonamo? Mukafika kudenga mutiuze, tichotse magalimoto!"

Iye ankaseka nawo, hamala ili m'manja.

Zolakwitsa zinalipo. Mu Julayi anayesa kupaka vanishi wa matabwa pakona ina. Patapita milungu iwiri vanishiyo anatuwa n'kuyamba kusendeka. M'malo mongokanda n'kupakanso, anafuna kudziwa chifukwa chake. Anamata kapepala ka pulasitiki pakhomapo, m'mawa n'kupeza kali ndi madontho. Khomalo linkamwa madzi kuchokera pa mpope wa amakanika umene unkadontha kunja. Anakonza mpopewo, nadikira khoma liume.

Pansi panali mafuta a galimoto a zaka zambiri. Anakwecha kasanu ndi kawiri ndi soda ndi madzi otentha, kenaka anabwereka makina osalazira simenti kwa tsiku limodzi. Kudenga anaika matabwa opyapyala pakati pa zitsulo kuti atchinge kutentha ndi fumbi la malata, zitsulozo n'kuzisiya poyera atazipaka penti wakuda. Mashelefu anapanga ndi mapaipi akale a madzi ndi matabwa a mapaleti onyamulirapo katundu, opalidwa ndi sandipepa. Wowotcherera wa pamsewupo anavomera kumupangira nsanja yachitsulo yogonapo, yokwera mamita 2.3 kuchokera pansi, iye n'kumusokera makushoni a mipando imene wowotchererayo ankagulitsa. Pa zitsulo zotchingira m'mbali mwa nsanjayo anakangana tsiku lonse. Wowotcherera ankafuna mipata ya masentimita 15. Mayi Makatani anakakamira pa 10, chifukwa anali atayeza mutu wa mwana wake.

Pa 12 Okutobala mkulu wake anamuuza nkhani yatsopano. Anamusamutsira ku chipatala china, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo ayamba ntchito kumeneko pa 2 Disembala.

"Ndibwera kudzaona malo akowo Loweruka pa 23 Novembala. Ndikapeza fumbi, Kafunso ndipita naye. Usadzati sindinanene."

Pofika kumayambiriro kwa Novembala pulasitala yense anali atachoka, njerwa zitatsukidwa. Vuto limodzi linatsala. M'mizere ya pakati pa njerwa matope akale ankayoyokabe. Akasesa madzulo, m'mawa ankapeza kamchenga m'munsi mwa khoma. Sankadziwa chochita, koma anaganiza zongopaka mankhwala aja Lolemba pa 11 n'kuyembekezera kuti agwira.

Apa m'pamene akulowera bambo ake.

Bambowo anali ndi zaka 68, ndipo 37 mwa zimenezo anazithera pa ntchito yopaka pulasitala. Kwa iwo khoma losapaka ndi umboni woti mwini nyumba zamukanika. Ankakonda kunena kuti njerwa ndi kabudula wam'kati wa nyumba, munthu wanzeru saonetsa alendo. Podziwa zimenezi, mwana wawo anali asanawaitanepo kushediko chiyambireni ntchitoyo.

Koma Loweruka pa 9 Novembala wowotcherera ankabweretsa nsanja ija, ndipo iye ankapita kukaona Kafunso. Panafunika munthu wotsegula chitseko. Anawasiyira kiyi bambo ake.

Anabwerako Lamlungu cha m'ma 3 koloko masana. Pakhomo panali wilibala, mulu wa mchenga ndi matumba opanda kanthu a simenti. M'kati, bambo ake anali ataima ndi mpeni wawo womangira, malaya ali thukuta lokhalokha, akumwetulira. Khoma lija linali litaphimbidwa kuchokera pansi mpaka mamita awiri, pamene mkono wawo unkafika, kuchokera kukona ina mpaka kukona inzake.

"Wabwera, mwana wanga? Usandithokoze. Ndinangoti ndikalowa, mtima unandipweteka. Pulasitala yense kugwa chonchi, iwe osandiuza? Ine bambo ako ndili moyo, mkulu wako adzapeze njerwa zili pamtunda? Kumwambaku ndimaliza mawa, ndabwereka makwerero."

Mayi Makatani anakhala pa chitini cha penti. Theka la ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi linali pansi pa simenti, ndipo kunatsala masiku khumi ndi atatu.

"Ababa, sanagwe yekha. Ndinachotsa ndine."

"Wati bwanji?"

"Ndi tchizulo. Kuyambira mu Meyi."

Bambowo anayang'ana khoma, nayang'ana wowotcherera amene anali kumangitsa nsanja pakona.

"Iwe, unkadziwa zimenezi?"

"Ndinakuuzanitu dzulo, madala. Munati ndisamale za zitsulo zanga."

Mayi Makatani anatulutsa foni n'kuwaonetsa zithunzi za situdiyo ija. Bambowo anavala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye munthu ameneyu ndalama ali nazo?"

"Ali nazo."

"Koma n'kusankha kukhala chonchi?"

"Eya."

"Dzikoli lapita." Anakulitsa chithunzicho ndi zala zawo zasimenti. Kenaka mawu awo anasintha. "Koma taona, mizere iyi anaikonza ndani? Wagwira bwino ameneyu. Anakumba matope akale n'kuikamo atsopano, n'kudutsitsa kachitsulo."

"Mukuidziwa ntchito imeneyo?"

"Ndi imene ndinayambira ndisanagwire pulasitala. Kungoti zaka makumi atatu zapita popanda wondifunsa. Aliyense amangoti phimbani."

Anapita pakhoma, natambasula mkono pamwamba pa pulasitala wawo, n'kukanda mzere umodzi ndi chikhadabo. Mchenga unayoyokera pamkono pawo.

"Ukanapaka mankhwala akowo pa izi, pofika Khirisimasi zikanayoyokanso, pamodzi ndi mankhwalawo."

Funso limene linamusowetsa mtendere Mayi Makatani milungu iwiri linayankhidwa ndi munthu yemwe anali atangomuwonongera khoma.

Anayeza zimene zikanatheka. Mamita anayi amene bambowo anapaka Lamlungu m'mawa anali adakali ofewa. Anawapala tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, n'kutsuka njerwazo ndi madzi ambiri. Mamita asanu ndi awiri a Loweruka anali atagwira kale. Kuwagumula kukanatenga milungu itatu ndi kudzazanso chipinda ndi fumbi.

"Awa akhale," anatero Mayi Makatani. "Koma asapakidwe penti. Mungawasalaze ngati mmene mumasalazira pansi, kuti aoneke simenti yeniyeni?"

"Khoma lopanda penti?"

"Lopanda penti, ababa."

"Anzanga asadzamve kuti ndine ndachita."

Lolemba bambowo anadutsitsa kasimenti kosalala n'kupukuta ndi mpeni wachitsulo mpaka khomalo linayamba kuwala ngati mwala wa mumtsinje. Kuyambira Lachiwiri pa 12 mpaka Lolemba pa 18, awiriwo anali pa mizere. Iye ankakumba matope akale kulowa masentimita awiri, bambo ake ankadzaza n'kudutsitsa kachitsulo kamene anapinda okha kuchokera ku chogwirira cha ndowa. Bambowo ankadandaula tsiku lonse, za msana, za mchenga, za ana a masiku ano. Koma mzere umodzi utakhota, anaugumula okha mwana wawo asanauone. Lachinayi pa 21 anapaka mankhwala aja. Lachisanu anakolopa chipinda chonse katatu, mpaka pamwamba pa zitsulo za kudenga.

Loweruka pa 23, namwino uja anafika 9 koloko yeniyeni, atagwira Kafunso padzanja. Mwanayo anamusiya panja ndi agogo ake. Iye analowa yekha, natulutsa thonje loyera m'chikwama.

Sanayang'ane kukongola kwa chilichonse. Anapukuta njerwa, nayang'ana thonje. Anapukuta m'mizere. Anagwada n'kupukuta m'munsi mwa khoma. Anakwera masitepe a nsanja, nagwedeza zitsulo zotchingira, nayesa kulowetsa chibakera pampata. Ali pamwambapo anatambasula dzanja n'kupukuta pamwamba pa paipi ya mawaya, kuseri kwa shelefu. Thonjelo linatuluka ndi kamzere kotuwa.

"Ichi n'chiyani?"

"Fumbi, achemwali. Pamenepo ndinaiwala."

"Mapaipi akowa ndi okongola, koma ndi mashelefu a fumbi. Uzipukuta kangati?"

"Lachitatu ndi Loweruka, ndi nsalu yonyowa."

"Kapeti iyi?"

"Ndi ya thonje, imachapika. Ndinasoka ziwiri, ina ikakhala pachingwe ina ili pansi."

Namwinoyo anatsika, naima pakati pa chipinda, napuma mozama kawiri ngati akuyesa mpweya ndi mapapo ake omwe. Kenaka anaitana mwana.

Kafunso analowa pang'onopang'ono. Anayang'ana njerwa, zitsulo zakuda, mababu atatu olendewera pamwamba pa tebulo limene kale linali chitseko cha shediyo. Anatembenukira kwa amayi ake.

"Amayi, ndiye mumaliza liti kumanga?"

Amayi ake asanatsegule pakamwa, agogo ake anayankha ali pakhomo.

"Tinamaliza kale, iwe. Ukuona ngati mizere imeneyo inadzikonza yokha? Tapita ukagwire."

Mwanayo anakagwira, nayang'ana chala chake, n'kuthamangira pamasitepe.

Namwinoyo sanagonje tsiku lomwelo. Anati mwana agone m'menemo masiku asanu ndi awiri, ndipo akangotsokomola kamodzi kokha usiku, nkhani yatha. M'kope muja muli mizere isanu ndi iwiri, kuyambira pa 24 mpaka pa 30 Novembala, uliwonse ndi mawu ofanana: "Wadzuka bwino. Mankhwala opopera a mphumu sanawakhudze."

Pa 30 Novembala masana namwinoyo anabwera ndi sutikesi ya mwana, kalata ya kusukulu ndi pepala la malangizo a mankhwala. Anaziika patebulo.

"Ndimati ndi godauni," anatero. "Ndi godauni ndithu. Koma ndi yoyera kuposa kwanga."

Wojambula uja anabwera mu Januwale 2020 n'kujambula chipindacho. Mwa amene anaona zithunzizo, woyamba kufuna zofanana nazo anali mwini shopu yometera. Atafika kudzaona, sanaloze njerwa. Analoza mamita asanu ndi awiri a simenti yosalala aja.

"Ndikufuna chonchi. Pansi simenti, pamwamba njerwa. Munaganiza bwanji zimenezi?"

Mayi Makatani anayang'ana bambo ake. Bambowo anayang'ana kudenga.

Pamene ndinkawerenga kope lake mu Disembala 2023, anali atakongoletsa malo khumi ndi amodzi: nyumba zinayi, maofesi atatu, mashopu ometera awiri ndi malo awiri omwera khofi. Asanu ndi atatu mwa malo amenewa ali ndi lamba wa simenti m'munsi mwa khoma. Mizere yonse ya njerwa amakonza bambo ake, amene mpaka lero amati akugwira ntchito yoonetsa anthu kabudula wam'kati. Kafunso amagonabe pansanja ija, ndipo sanagonekedwenso m'chipatala chichokereni mu Febuluwale uja. Dzina la Mayi Makatani silinasinthe, ngakhale nyumba zimene amakongoletsa zambiri sizifuna makatani.

Ndinamufunsa tsiku limene analiona lovuta kwambiri. Sanatchule pa 9 Febuluwale. Anatchula Lamlungu lija, atakhala pa chitini cha penti. Anati akanatha kukalipa, bambo ake n'kunyamula wilibala yawo n'kumapita, ndipo mizere ija ikanayoyokabe mpaka tsiku la thonje. Chimene anachita n'chomwe anachita m'situdiyo muja, ndi pa vanishi wosendeka uja: anafunsa funso lina.

Inu amene mukuwerenga muli m'shedi yanuyanu, yang'anani bwino chimene mukuchita nacho manyazi. Chigwireni ndi chala, muone chimene chikutuluka, mufunse chifukwa chake, mulembe tsiku. Wina akakuphimbirani ntchito yanu, kaya ndi chikondi kaya ndi umbuli, khalani pansi kaye, kenaka mudzuke muyeze pamene pakadali pofewa. Mtima wokhawo musautaye. Mawa m'mawa tengani tchizulo, muchotse malo ena ofanana ndi theka la chitseko.